Chidakwa cha M'sewero

"Iwe, tamusiya mwamuna wangayo!" Jenifa anakuwa, akukankha anthu pamsika wa Benga.

Mwamuna wake, Maganizo, ndiye anali chidakwa m'sewero lophunzitsa anthu kuipa kwa kachasu, ndipo anali atangogwera m'manja mwa Cathy, mkazi wake wam'seweromo.

"Mayi, ndi sewero chabe," anatero Cathy. "Chilowereni m'gulu lathu, bambowa sanalawenso mowa."

"Ndiye pogwera pake mpaka pachifuwa pakopo?"

Tsiku lomwelo Jenifa anamuleketsa zisudzozo. Loweruka lotsatira, anzake akusewera kumsika, Maganizo anafika kunyumba ali dzandidzandi, fungo la kachasu lili guu, n'kugwera mkazi wake pakhomo.

Jenifa anamuwakha, mtima uli m'malo.

"Bola mwagwera ine."