Kapu ya Madzi pa Dashibodi

"Yesani tione, alamu," anatero makaniko, akuika kapu yodzaza madzi pa dashibodi ya lole ya tipa.

Dalaivala anaponda moto mumsewu wa mabampu wopita kukwale kokatenga miyala, koma madzi sanatayike ngakhale dontho. Zaka khumi akulirira masipulingi ofewa, lero amangidwa!

"Abwana munawanyengerera bwanji?" anafunsa atabwerako.

"Ndinangowauza zija munandinong'oneza, zoti msana wanu watha."

Dalaivala asanayankhe, abwana anatulukira atatambasula dzanja.

"Makiyi, achimwene. Munthu wodwala msana sitingamusiyire tipa. Kapumeni kunyumba."

Dalaivala anacheuka kuti alamu akewo amuikire kumbuyo. Anawaona atakwera kale, akusendeza mpando kuti miyendo yawo ifike bwino, kwinaku akumwa madzi aja.