Tsiku Limene Digambar Anafa

Ndinali nditaima kale pafupi ndi makina a Nitai, wosindikiza mabuku wa m'kanjira kathu ku Kolkata, pamene ndinawerenga tsamba lomaliza la nkhani imene analemba a Jhuma, amene tonse timawatchula kuti achemwali. Digambar anali atafa.

Digambar ndi wa m'sewero la pa kanema, mwini chinyumba chakalekale amene anatembereredwa kuti asafe, ndipo amayenda ndi nyali kufunafuna mkazi wake. Chaka chilichonse chikondwerero cha Puja chikayandikira, ife omukonda timalemba nkhani zake n'kuzisonkhanitsa m'buku limodzi, ndipo wokonza bukulo ndine. Lamulo lathu ndi lakuti mukwatitseni, mumangeni ndi unyolo, koma osamupha.

"Achemwali, lamuloli munalikhazikitsa ndinu," ndinatero.

Anali atakhala pamulu wa mapepala, atavala sari yoyera ya umasiye, tiyi akuzizira m'kakapu kadothi.

"Ndikudziwa. Watopa munthuyu, Sharmi. Chaka ndi chaka timamudzutsa kuti ife tisasungulumwe."

"Nanga anzathu aja ndikawauza chiyani?"

"Amuna anga aja, madokotala anandiuza kuti ndiwalole apite. Ndinakana, mpaka anagona pamakina a kuchipatala miyezi yambirimbiri. Uyu yekha ndimulole."

Nitai anapukuta inki m'manja mwake n'kundiyang'ana. "Mayi, ndisindikize kapena ndichotse? Magetsi sachedwa kuthima kuno."

Ndinayang'ananso tsambalo. Digambar anaika nyali pansi n'kugona, ndipo palibe amene anamugwedeza.

"Sindikizani," ndinatero. "Koma muiike kumapeto. Pambuyo pake pasabwere nkhani ina."