Sikelo ya Shedi ya Kumtsinje

Mdima utangogwa, foni yanga inandichenjeza kuti pa netiweki ya esiteti pali makina amene akutumizabe uthenga, chonsecho anthu onse anali ataweruka. Makompyuta a pano ndimayang'anira ndine, ndiye ndinaliza njinga yamoto kubwerera ku ofesi. Mlonda wathu, a Inocencio, ananditsegulira n'kuima pakhomo ndi tochi.

Pa sikirini maofesi onse anali zii. Mzere umodzi wokha ndiwo unkadumphadumpha, wa sikelo ya shedi ya kumtsinje, imene imatumiza kulemera kwa dengu lililonse la tiyi likangokolekedwa.

Shedi imeneyo inakokoloka chaka chatha ndi matope ochokera m'phiri, othyola tiyi ali pamzere woyezetsa madengu awo. Sikeloyo ndinakaitola ndekha. Inali m'kachipinda ka katundu kuseri kwa mpando wanga, yopanda ndi batire lomwe.

Mzere wa pa sikirini uja unadumphanso. Nthawi yomweyo mbedza ya sikelo inalira kwii kuseri kwa chitseko cha kachipindako, ngati yalandira katundu. Mu ofesi munayamba kumveka fungo la masamba onyowa.

"A Inocencio, mwalowetsa munthu muno?"

"Iyayi, a Dario. Makiyi a kachipindako muli nawo ndinu."

Ndinagwira mausi kuti ndichotse sikeloyo pa netiweki. Mlondayo anandigwira pamkono.

"Dikirani pang'ono, achimwene," ananong'ona, maso ali pachitseko. "Mayi akunyumba anali kumapeto kwa mzere tsiku lija. Sanayezetsebe dengu lawo."