Anti Wake Uti?

Tandiuzani, n'chiyani chimawoloka mtsinje wa Kafue popanda bwato? Pemphero.

Malemu mkulu wanga ankandipempherera ali kwawo ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinjewo, uku akupala nsomba: "Ambuye, Mwandida wanga uja." Chimwalirireni iye, palibe wanditchulapo dzina laubwanalo.

Dzulo ndili chigonere ndi mwendo wotupa, anabwera Bright, mwana wa mlongo wanga, ndi anzake akwaya.

"Anti, ine m'mawa uliwonse ndimakutchulani dzina kumwamba!"

Mtima wanga unadumpha. "Litchule ndilimve, mwanawe."

Anagwada, nakweza mawu. "Atate, chiritsani ba... ba... ba anti."

Ndinatsegula diso limodzi. "Iwe Bright, ma anti mu Nangongwe muno tili mbwee. Achira ba anti ogulitsa makala, ine n'kutsala ndi mwendo wanga!"

Akwaya anaseka mpaka kugwira nthiti.