Mwini Siteshoni ya Balaka

Kasitima kanali katazungulira tebulo kasanu, koma panalibe wokayang'ana. Linali Loweruka loyamba la Januwale. Amuna asanu ndi mmodzi a kalabu ya tisitima tamagetsi anali atakumananso m'chipinda cha pansi pa tchalitchi ku North York, kutsidya kwa nyanja, majekete akadali m'thupi poti hita inali isanagwire.

Nkhani zinali zomwe zija za chaka chilichonse. A Norbert ankaonetsa mutu wa sitima womwe ana awo adawagulira pa Khirisimasi. Wina ankadandaula msana, ati sinoo, chipale chogwa nthawi yozizira chija, yamukwana kuchotsa pakhomo. Wina ankasisita mimba, ati holide yamuwononga. Aliyense ankalankhula, koma maso onse ankathawa ngodya imodzi.

M'ngodyamo munali a Hilda, akazi a a Victor, atakhala phee, bokosi lopanda kanthu lili pamiyendo.

Za a Victor panalibe yemwe sankazidziwa. Adanyamuka m'mawa wa pa 26 Disembala ndi masutikesi awiri, ulendo wa ku Calgary ndi mayi wina wa kuntchito kwawo. Banja la zaka makumi awiri lidathera pa meseji ya pafoni. Koma amuna inu! Onse asanu ndi mmodzi adaona chanzeru kumakambirana za mafuta othira m'timawilo.

Amene anali pamoto ndi a Howard, wapampando wa kalabu, mkulu wa ku Chipata. Lamulo adalilemba okha: malo a patebulo ndi a womanga, womanga akachoka, zake zimaphwasulidwa, malowo n'kupatsidwa wina. Ndiwo adaimbira a Hilda foni kuti abwere ndi bokosi.

Chowawa n'chakuti chigawo cha a Victor ndicho chinkakoka anthu pachionetsero chilichonse. Siteshoni ya Balaka, yeniyeni. Malata a dzimbiri. Mtengo wa mango wa waya ndi siponji. Amayi ogulitsa nthochi, msinkhu ngati chikhadabo, aliyense chitenje chakechake. Polekana njanji padaima kabambo ka chipewa chopindika, mbendera yobiriwira m'manja. Azungu ankajambula mpaka batire kutha.

A Victor ankalandira matamandowo manja ali m'thumba. Anali mmisiri wosadzionetsera: sadagwirepo kaburashi pamaso pa anzawo. Kanthu kakathyoka ankangoti, "Ndikakonzera kunyumba, muno kuwala n'kochepa." Sabata yotsatira kankabwera katachira. A Hilda ankawaperekeza, n'kukhala pampando womwewo ndi fulasiki ya tiyi. Zaka zisanu ndi zitatu, palibe adawafunsapo choposa chakuti, "Ana ali bwanji, alamu?"

Lero fulasiki panalibe.

A Howard adakoka mpando. Adaona penti yotuwa m'zikhadabo za a Hilda ndi pulasitala pachala, chisoni n'kuwagwira. Ayamba kale kupenta nyumba kuti aigulitse, iwo adaganiza choncho.

"Alamu, Khirisimasi inali bwanji?" Atangofunsa adalakalaka atameza mawuwo.

"Inadutsa," adatero a Hilda.

Sadalire. Sadakwiye. Chikhalireni cha pa 26 paja mumtima mwawo munali zii. Ankadzuka, kupita kukasamalira okalamba ku Markham, kubwerako, kudya osamva mchere.

"Manje, nkhani ya siteshoni ija," a Howard adayamba, akuyang'ana nsapato zawo. "Lamulo ni lamulo, alamu. Tizakupakirani bwinobwino. Tidziwa kuti ndiye cokha ca a Victor camene catsala."

A Hilda adangopereka bokosi lija.

A Norbert anali atatulutsa kale sikuludiraiva. Malowo ankawasirira kuyambira kale, ankafuna kumangapo nkhokwe ya tirigu ngati zomwe adaona ku Saskatchewan. Asanamasule n'komwe, kasitima kadafika pa Balaka ulendo wachisanu ndi chimodzi, kadagunda polekana njanji, n'kugwa cham'mbali. Mabogi atatu gada.

Amuna adaunjikana. Wina adauzira mpweya. Wina adagogoda njanji ndi chala. Adakaimika, kadagwanso pomwepo. Adakaimikanso, chimodzimodzi.

"Asa! Apa ankapatha ndi Victor yekha," adatero a Norbert. "Tingochotsa basi, zatha izi." Adatambasula dzanja, natsina kabambo ka mbendera kaja pamutu.

"Asiyeni amenewo."

Onse adatembenuka. A Hilda anali ataimirira. Kanali koyamba kuti afike pafupi ndi tebulo.

"Amenewo ndi bambo anga," adatero, mawu osakwera, osatsika. "Adagwira ntchito polekana njanji pa Balaka zaka makumi atatu. Chipewacho adachipinda okha, ankati dzuwa limawalasa kumanzere."

A Norbert adabweza dzanja msangamsanga ngati agwira mbaula.

"Ha! Onani cikondi," adatero a Howard, akupukusa mutu. "Munthu kupanga apongozi ake mpaka cipewa. Nanga cinamulowa n'ciani Victor?"

A Hilda adapisa m'thumba la jekete, natulutsa magalasi okulitsa zinthu ndi kachitsulo kopanira, kogwirira kake kakutha ndi ntchito. Adawerama, napinda kanthu kena pansi pa njanji kamodzi kokha. Kasitima kadadutsa pa Balaka myaa, n'kumapita.

"A Victor ku Balaka sadapondeko," adatero a Hilda, akuwongola kambendera ka bambo awo ndi chala cha pulasitala chija. "Ntchito yawo inali yonyamula bokosi. Tandiwerengereninso lamulo lija, a Howard, pamene pakunena za womanga."