Buku la Pansonga pa Phiri

"Lisiye bukulo Traudl, mvula ikubwera," anatero Vinzenz, phazi lili kale papedulo.

Traudl sanamumvere mwamuna wakeyo. Munthu sungapalase njinga maola atatu kukwera phiri la ku Tyrol n'kutsika osalemba dzina m'buku lomwe limakhala m'kabokosi kachitsulo pamtanda wapansonga. Komanso Vinzenz anali atamuuza kuti phirili akulikwera koyamba, ankadikira kuti adzakwere awiri.

Monga amachitira aliyense, Traudl anayamba watsegula masamba am'mbuyo. Anangoona zilembo zopendekera zomwe ankazidziwa bwino. Deti lake linali la mu Julaye chaka chatha, sabata imene Vinzenz ankati ali kumsonkhano wakuntchito ku Linz.

"Vinzenz ndi Resi. Tidzabweranso."

Resi anali mng'ono wake wa Traudl, bere limodzi. Ndi iyeyo anawasankhira malo okhomapo tenti, ndipo m'mawa uja anatsalira kumunsi kwa phirilo, ati bondo likumupweteka.

Traudl analemba mosafulumira n'kubweza cholembera.

"Walemba chiyani?" anafunsa Vinzenz, maso ali kumbali.

"Dzina langa lokha, bambo. Lanu lilimo kale. Tiyeni titsike, mukamuuze Resi kuti lonjezo lija mwasunga."