Maola Anayi Opanda Pampu

Palmira anaima kutsogolo kwa thanki yagalasi, mbale zosatsuka zili m'manja, mtima uli m'malere. Korali lalikulu lija linali litawerama ngati munthu wodwala msana.

Chiikireni thankiyo m'nyumba yawo yogulitsiramo zakudya, pafupi ndi malire a Milange, panali patapita sabata zitatu, ndipo anthu ankachita kuunjikana. Amalonda ochokera ku Muloza ndi onyamula katundu ankasiya tiyi akuzizira, n'kumasuzumira zinthu za m'nyanja yamchere zooneka ngati maluwa omera pamiyala. Mwamuna wake, Gregório, ankawauza monyadira kuti amenewo ndi makorali, ndipo ngamoyo ngati iwo omwe. Luso lowasamala analiphunzira ku Pemba, komwe anagwira ntchito pahotela zaka zisanu ndi chimodzi. Lalikululo, looneka ngati bowa, lokhala ndi timanja tambirimbiri togwedezeka m'madzi, analilera yekha kuyambira lili kachidutswa konga chala. Pobwerera kwawo analinyamula m'ndowa, ulendo wonse ndowayo ili pamiyendo.

Lolemba Gregório ananyamuka kupita ku Quelimane kukagula mchere wapadera wa thankiyo. Asanakwere galimoto anamulangiza mkazi wake.

"Mayi a Ivone, thankiyi ikadali yanthete. Pampu isaime, chifukwa madzi akaima makorali amabanika. Magetsi akathima, muilumikize ku batire. Ndipo lina likafa, mulichotse msanga lisawole n'kupha anzake."

Lachiwiri masana magetsi anathimadi. Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo. Batire linali limodzi, koma m'firiji munali nkhuku ndi nyama yambuzi zimene mnansi wawo, mayi Anastácia, anasungitsa pokonzekera ubatizo wa mdzukulu wawo. Palmira anayang'ana firiji, anayang'ana thanki. Tinsomba tiwiri ta m'menemo tinkasambira ngati palibe chachitika. Anazula chingwe cha pampu ku batire n'kulumikizako firiji. Panatha maola anayi magetsi asanayake.

M'mawa mwake anapeza timanja tonse ta korali lalikululo titalowa m'kati. Lachinayi khungu lake linayamba kunyezimira ngati lapakidwa phula. Tsopano linali Lachisanu, ndipo kachikopa kotuwa kanali kakusupuka m'mbali mwake, kakulendewera m'madzi.

Gregório anaimba foni kawiri. Ulendo uliwonse ankayamba ndi funso lomwelo: "Ana anga am'madzi ali bwanji?" Ulendo uliwonse Palmira ankayankha kuti ali bwino, kenako n'kupotoza nkhani kuti afunse za msewu. Kufunsa za koralilo ankakufuna, koma ankadziwa kuti akangofunsa, funso lotsatira likhala la pampu. Zaka zonse zimene mwamuna wake anali ku Pemba sanamunamizepo ngakhale kamodzi. Koma tsopano anali atamunamiza kawiri.

Anatula mbale zija patebulo. Makorali ang'onoang'ono asanu otsalawo anali otseguka bwinobwino, akugwedezeka mosadziwa kuti pakati pawo pali mtembo. Kupha limodzi kunali kokwanira. Sakanalola kuti mantha ake aphenso enawo.

Anasamba m'manja ndi madzi okha, opanda sopo, monga anamuphunzitsira. Anapisa mkono m'thanki mpaka m'chigongono n'kunyamula koralilo pamodzi ndi mwala wake. Linali lozizira, loterera, lolemera kuposa mmene ankaganizira. Analikulunga m'nyuzipepala, anakaliponya kudzala kuseri kwa nyumba, n'kuthirapo phulusa lamoto la m'mbaula kuti agalu asafukule.

"Pepa," ananong'ona, osadziwa ngati akupepesa koralilo kapena mwiniwake.

Tsiku limenelo sanadye. Onyamula katundu atabwera masana n'kufunsa kuti bowa uja wapita kuti, anangowathirira tiyi n'kupita kukatsuka mbale. Mayi Anastácia anabweretsa mwendo wa nkhuku wotsala paubatizo, akuthokoza kuti nyama yonse inali yabwino, alendo anadya mpaka kunyambita zala. Palmira analandira ndi manja awiri, koma atangochoka anaupereka kwa Ivone, mwana wake. Iye sakanaudya.

Loweruka masana Gregório anatsika minibasi atasenza thumba la mchere, fumbi lili mbuu m'mutu. Palmira anamuchingamira pakhomo, n'kuima pakati pa chitseko kuti asaone m'kati. Anali atatsimikiza kuti ayamba ndi tchimo lenilenilo, za imfayo zibwere pambuyo.

"Bambo a Ivone, musanalowe ndili ndi mawu. Pafoni paja ndinakunamizani. Lachiwiri magetsi atathima ndinazula pampu maola anayi, kuti nyama ya mayi Anastácia isawonongeke. Ndiye kuyambira pamenepo..."

Anazyolika, kudikira kuti mwamunayo akalipe.

Koma Gregório anatula thumba lija pansi n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Ndiye mwaonda chonchi chifukwa cha zimenezo? Maola anayi sangaphe korali, mayi. Inenso ndikanapulumutsa nyamayo." Anapukuta thukuta pachipumi ndi chipewa. "Wolakwa ndine, ndinaiwala kukuchenjezani za labowa lija. Limenelo likafika m'madzi atsopano limadzitseka, limawerama, n'kufundula khungu ngati njoka. Ukaliona umalumbira kuti lafa, koma ukangolisiya sabata imodzi limatseguka lokongola kuposa kale. Tiyeni tikalione, mwina layamba."

Anamulambalala n'kulowa m'nyumba akuimba mluzu.